Thandizeni, script yowerengera zopereka yandichititsa manyazi pamsonkhano

Kamtedza_Turf:
Moni nonse akuluakulu. Mundipirire, zakompyutazi ndinaphunzira ndekha usiku ndikaweruka, sindinazipitire kusukulu. Kuno ku Turffontein tili ndi kagulu ka maliro ka anthu akumudzi okhaokha. Timasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya thupi likagone kwawo. Tinayamba ochepa koma pano tafika 312, ndipo kope la amayi osunga chuma latopa, masamba ena anachita kumatidwa ndi selotepi. Ndiye ndinadzipereka kupanga katsamba ka pa intaneti ka PHP (chilankhulo cholembera mapulogalamu) ndi MySQL (database yosungiramo zinthu m'matebulo).

Ndili ndi matebulo awiri. La mamembala lili ndi id, dzina ndi foni. La zopereka lili ndi id, membala_id, ndalama ndi tsiku. Ndikufuna pafupi ndi dzina lililonse pazioneka kuti munthuyo wapereka kangati. Mmene ndachitira, ndimatenga mamembala onse, kenako mkati mwa loop ndimafunsanso database pa munthu aliyense:

SELECT * FROM zopereka WHERE membala_id = $id

ndiye n'kuwerenga ndi mysqli_num_rows. Poyamba zinkathamanga bwinobwino. Lamlungu lapitali ndinaima kutsogolo foni ili m'manja, kanthu kaja kakungozungulira pasikirini, anthu onse maso ali pa ine. Mkulu wina kumbuyo anangoti "bweretsani kope lija." Ndalakwitsa pati?

Phwiti:
Mkulu wa kumbuyoyo ndamukonda. Kope silifuna bandulo.

MadalaWaSeva:
Achimwene, simunalakwitse kwambiri, tonsefe tinadutsa pomwepo. Taganizani izi. Mwatumidwa kukagula zinthu 312 ku Dragon City, inu mukupita kukatenga chimodzi, kubwerera ku Turffontein, kukwerezanso taxi kukatenga chachiwiri. Script yanu ikutero. Query imodzi yotenga mamembala, kuphatikiza 312 zofunsa mmodzimmodzi, zonse 313 tsamba lisanatseguke. Anzathu amalitcha vuto la N+1. Choipanso n'chakuti SELECT * ikukoka mizere yonse ya zopereka kubwera nayo ku PHP, chikhalirecho inu mukungofuna nambala basi. Isiyireni database ntchito yowerengayo, ndi imene inapangidwira:

SELECT m.id, m.dzina, COUNT(z.id) AS kangati
FROM mamembala m
LEFT JOIN zopereka z ON z.membala_id = m.id
GROUP BY m.id, m.dzina;

Ulendo umodzi, zonse zabwera. Mu PHP mungozungulira zotsatirazo n'kusindikiza dzina ndi kangati.

Kadziwe_011:
LEFT ija ndi yachiyani madala? Ine ndimangolemba JOIN ndipo zimatheka.

MadalaWaSeva:
Zimatheka mpaka tsiku limene mudzafune kudziwa amene sanaperekepo chilichonse. JOIN wamba amangobweretsa anthu amene ali ndi mzere mbali zonse ziwiri. Amene sanaponyepo ngakhale khobidi amasowa pamndandanda ngati kulibe, pomwe pa gulu la maliro ameneyo ndiye mukufuna mumuone msanga. LEFT JOIN amamusunga, mbali ya zoperekayo n'kudzaza NULL, kutanthauza kuti palibe kanthu.

Nambewe_Randburg:
Ndiwonjezere pa zimene madala anenazi, chifukwa pali kamsampha kamene kanandigwira ine kuntchito. Yang'anitsitsani kuti alemba COUNT(z.id), sanalembe COUNT(*). Sizofanana ayi. Ya nyenyeziyo imawerenga mizere, ndipo LEFT JOIN imapereka mzere umodzi ngakhale kwa munthu wosapereka, ndiye munthu amene sanapereke kalikonse aoneka kuti anapereka kamodzi. Mukatchula kolamu, database imadumpha ma NULL ndipo mupeza 0 yoona. Pa nkhani ya maliro kusiyana kwa 0 ndi 1 kungakanganitse mabanja.

Ndipo musanapite patali, Kamtedza, pa kolamu ya membala_id pali index, kalozera wothandiza database kupeza mizere msanga? Ngati palibe, pa munthu aliyense database ikusanthula tebulo lonse la zopereka kuyambira pamwamba mpaka pansi. Yesani

CREATE INDEX idx_membala ON zopereka (membala_id);

kenako lembani EXPLAIN kutsogolo kwa query yanu. Mukaona mawu oti ALL pa mzere wa zopereka, dziwani kuti ikuwerengabe tebulo lonse. Mukanaika foreign key (lamulo lomangiriza membala_id ku tebulo la mamembala) pa tebulo la InnoDB, mtundu wa matebulo a MySQL, index ikanadzipanga yokha, koma ndikukayika ngati munaika.

Kamtedza_Turf:
Achemwali mwalasa, index kunalibe. Foreign key ndinkangoimva dzina. Ndaika index ndi query ya madala ija, tsamba likutseguka ndisanaphethire. Zikomo kwambiri nonse awiri.

Mlonda_Usiku:
Ine nditsutseko pang'ono. Anthu 312 ndi ochepa zedi. Ma query 313 pa seva yabwino satenga ngakhale sekondi imodzi. Chimene chinkachedwetsa ndi index yosowayo ndi kahosting kotchipa kamene mwina akugwiritsa ntchito. Tisamaopseze ophunzira ngati loop ndi tchimo. Pa SQLite, pomwe database ili mufayilo pamakina omwewo ndipo palibe zodutsa pa netiweki, eni ake amanena poyera kuti ma query ang'onoang'ono ambiri si vuto.

MadalaWaSeva:
Za SQLite mukunena zoona, sindikana. Koma mnzathuyu ali pa MySQL, ndipo gulu lawo likukula. Chizolowezi chimene aphunzire lero ndi chimene adzalowe nacho pantchito ya anthu 30,000. Kuwongola mtengo mpoyamba.

Mlonda_Usiku:
Gulu la maliro la anthu 30,000 ndiye kuti Mangochi yense wasamukira ku Joni.

ChamboChaMalombe:
Watsala ndani kodi? Pitani ku Mayfair Lachisanu masana mukamve Chiyao chili wawawa ngati pa Namwera.

Phwiti:
Poti mwatchula kumudzi, alipo akudziwa transporter wonyamuka sabata ino? Ndili ndi kafiriji kakang'ono ndi zikwama ziwiri zopita ku Balaka. Amene ndinkadalira uja foni yake siikupezeka chichokereni pa Beitbridge.

ChamboChaMalombe:
Ndilembereni kumbali aise. Koma firijiyo muikulunge ndi bulangete, msewu wa ku Tete suseka ndi munthu.

Kamtedza_Turf:
Pepani ndabweranso, chisangalalo chija chinali chamsanga. Pali tebulo lachitatu la odalira, kutanthauza akazi, amuna ndi ana amene membala anawalembetsa. Ndinafuna ndionetsenso kuti aliyense ali ndi odalira angati, ndiye ndinawonjezera LEFT JOIN ina pa query yomwe ija. Tsopano zikuonetsa kuti bambo wina wapereka ka 36, pomwe analowa gulu chaka chatha chomwechi ndipo m'kope muli ka 12. Ndalama zakenso zikuoneka R3,600 m'malo mwa R1,200. Ndikanapita nazo kumsonkhano akanati amayi osunga chuma adya ndalama.

Nambewe_Randburg:
Ndilote: bamboyo ali ndi odalira atatu.

Kamtedza_Turf:
Eee, mkazi ndi ana awiri. Mwadziwa bwanji?

Nambewe_Randburg:
12 kuchulukitsa ndi 3. Mukalumikiza matebulo awiri a "zambiri" kwa munthu mmodzi, database imakwatitsa chopereka chilichonse ndi wodalira aliyense. Chopereka cha Januwale chibwera katatu, kamodzi ndi mkazi, kamodzi ndi mwana woyamba, kamodzi ndi wachiwiri. Febuluwale chimodzimodzi. Mukachotsa GROUP BY kwa kanthawi n'kuyang'ana mizere ya bamboyo ndi maso, muiona ili 36 ndondondo. Wopanda odalira kapena wa wodalira mmodzi nambala yake imatuluka yolondola, n'chifukwa chake vutoli limabisala. Ukayesa ndi anthu awiri atatu umaona ngati zonse zili bwino.

Kadziwe_011:
Zosavuta izo. COUNT(DISTINCT z.id) ndi SUM(DISTINCT z.ndalama), nkhani yatha.

MadalaWaSeva:
Ayi ayi ayi, mphwanga, theka lachiwirilo lichotseni msanga wina asanakope. COUNT(DISTINCT z.id) ili bwino chifukwa id iliyonse ndi yakeyake. Koma SUM(DISTINCT) imatenga mtengo uliwonse kamodzi kokha. Munthu amene wapereka R100 ka 12, ma R100 onsewo ndi ofanana, ndiye itenga imodzi n'kunena kuti chaka chonse anapereka R100. Kuthawa mvula n'kugwera mumtsinje.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi kuwerenga tebulo lililonse palokha, kenako n'kulumikiza zotsatira:

SELECT m.id, m.dzina,
COALESCE(z.kangati, 0) AS kangati,
COALESCE(z.zonse, 0) AS zonse,
COALESCE(o.angati, 0) AS odalira
FROM mamembala m
LEFT JOIN (SELECT membala_id, COUNT(*) AS kangati, SUM(ndalama) AS zonse FROM zopereka GROUP BY membala_id) z ON z.membala_id = m.id
LEFT JOIN (SELECT membala_id, COUNT(*) AS angati FROM odalira GROUP BY membala_id) o ON o.membala_id = m.id;

Apa tebulo lililonse lafika kale lili ndi mzere umodzi pa munthu, ndiye palibe chochulukitsana. Nyenyezi ija mkatimo ilibe vuto poti tikuwerenga tebulo limodzi lokha. COALESCE ndi yosandutsa NULL kukhala 0 kwa amene alibe kalikonse. Ikuoneka yaitali koma ikadali query imodzi.

Kadziwe_011:
Ndavomera. Ndathamanga kukaona ka system ka pa shopu ya abwana anga chifukwa ndikukumbuka ndinalembamo zoterezi.

Wa_Braamfontein:
Nonsenu mukuvutikiranji ndi SQL yapamanja mu nthawi ino? Pali zida zokulemberani SQL: Laravel ili ndi withCount, Django ili ndi annotate ndi Count. Mzere umodzi basi.

Nambewe_Randburg:
Mzere umodzi, inde, koma ikani ma Count awiri mu annotate imodzi ya Django muone ngati 36 uja sabweranso. Pansi pake ndi JOIN yomweyo, mpaka anaikamo distinct=True pa chifukwa chimenechi. Ya Laravel imapulumuka poti imagwiritsa ntchito subquery. Chida chimakubisira SQL koma sichikuchotsera udindo wodziwa chimene chikuchitika. Komanso munthu ali ndi fayilo imodzi ya PHP, mukufuna asenze Laravel yonse chifukwa cha nambala imodzi?

Mlonda_Usiku:
Njira ina imene palibe waitchula: ikani kolamu ya kangati mu tebulo la mamembala lomwelo. Wina akapereka, script iwonjezere 1. Powerenga palibenso JOIN, mungotenga nambala ili kale.

MadalaWaSeva:
Njira imeneyo ilipo ndipo masamba akuluakulu amaigwiritsa ntchito, koma ili ndi mtengo wake. Ndinaiyesa zaka zapitazo pa ntchito ina ku Kempton Park, yowerenga maphukusi a kasitomala aliyense. Miyezi iwiri zinayenda. Kenako mtsikana wa muofesi analowetsa phukusi kawiri molakwitsa, n'kupita mu phpMyAdmin kukafufuta mzere umodzi pamanja. Mzere unachoka, nambala ija inatsala pomwepo. Tsiku lina magetsi anazima script italemba phukusi koma isanawonjezere 1. Pofika Disembala manambala a makasitomala ambiri sankagwirizana ndi zenizeni, ndipo ndinagona muofesi usiku wathunthu kuwerenganso. Ngati mwaisankha, zolemba ziwirizo zikhale mu transaction imodzi kuti zitheke zonse kapena zilephere zonse, kapena muike trigger yoti database iziwonjezera yokha, ndipo mukhale ndi kascript kowerenganso zonse nthawi ndi nthawi. Kwa anthu 312 n'kudzisenzetsa mtolo wopanda phindu.

Msungi_Berea:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Za ma JOIN sindizidziwa, ine ndine mayi wosunga chuma pa gulu lathu kuno ku Berea, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Koma ndili ndi funso kwa mwana wanga Kamtedza. Mukuti "wapereka kangati." Kodi lamulo la gulu lanu limafunsa kangati, kapena limafunsa miyezi ingati? Chifukwa anthu athu sapereka ngati wotchi. Wogwira ntchito m'nyumba za azungu ku Sandton amalandira pakutha pa mwezi, amapereka bwinobwino. Wa maganyu a zomangamanga amasowa miyezi itatu, tsiku lina n'kutulukira ndi R300 nthawi imodzi. Wina amabwera ndi R50 lero, R50 inayo pa 20. M'kope mwanga woyamba uja ndimamuchonga mabokosi atatu, wachiwiriyu bokosi limodzi. Makina anuwo anena kuti wa R300 wapereka kamodzi, wa ma R50 wapereka kawiri. Ndiye tsiku la tsoka, pomwe thupi lili kumochale ndipo abale akudikira yankho, mudzauza anthu kuti wa R300 uja ali ndi ngongole?

Phwiti:
Amayi alowa ndi nkhwangwa.

Kamtedza_Turf:
Amayi, mwandivula. Lamulo lathu limati ukatsalira miyezi itatu yotsatizana gulu silikunyamula. Ndi miyezi ndithu, si maulendo. Ine mutu wonse unali pa kufulumira kwa tsamba.

Kadziwe_011:
Ndiye ingotengani ndalama zonse mugawe ndi 100, mupeza miyezi.

Kamtedza_Turf:
Sizitheka aise, tinkasonkha R80, tinakweza kufika R100 mu Julayi chaka chatha. Ena analipiriratu miyezi ya kutsogolo pa mtengo wakale.

Nambewe_Randburg:
Ndiye vuto lachoka pa query, lafika pa kamangidwe ka matebulo. Amayi a ku Berea atipatsa kale yankho osadziwa: mabokosi aja. Pangani tebulo lina, tinene miyezi_yolipidwa, lokhala ndi membala_id, mwezi ndi chopereka_id. Mwezi muulembe ngati deti la tsiku loyamba, monga 2025-03-01. Munthu akabwera ndi R300, mu zopereka mulowa mzere umodzi, mu tebulo latsopanoli mulowa itatu. Wa ma R50 mzere wake ulowa akakwanitsa. Muikenso UNIQUE pa membala_id ndi mwezi pamodzi kuti mwezi umodzi usachongedwe kawiri ngakhale dzanja litaterereka. Mukatero COUNT yanu iziwerenga chinthu chimene lamulo la gulu limanena.

Pofuna za chaka chimodzi chokha samalani pomwe mukuika deti. Mukalemba WHERE mwezi >= '2025-01-01' kumapeto, onse a NULL aja agwa, LEFT JOIN yanu yasanduka JOIN wamba mwakachetechete, ndipo osalipira asowanso. Ikani deti mu ON, pambali pa membala_id. Pofuna okhawo amene ali ndi miyezi yochepera nambala inayake, ndi HAVING pambuyo pa GROUP BY, chifukwa WHERE imagwira ntchito kuwerenga kusanachitike.

Kolamu ya ndalama ikhale DECIMAL, osati FLOAT. FLOAT imasunga masenti mongoyerekeza.

Maule_Tembisa:
Inu mukuwerenga zopereka, ine ndikuwerenga zikho za Bullets. Query yake ndi yaitali, Manoma sangaimvetse.

ChamboChaMalombe:
Za mpira Loweruka akulu, pano pali maliro.

MadalaWaSeva:
Chinthu china chimene chakhala chikundisowetsa mtendere kuyambira uthenga woyamba uja. Mwalemba $id mkati mwenimweni mwa query. Mu loop ija id inkachokera ku database, palibe choopsa. Koma ndikudziwa muli ndi tsamba lina loonetsa membala mmodzi, pomwe id imachokera pa adiresi ya tsamba. Ngati kumenekonso mumangoimata choncho, mwana aliyense wodziwa SQL injection, kulowetsa malamulo ake mu query yanu kudzera pa adiresiyo, angathe kukoka mayina ndi mafoni a anthu onse 312. Gwiritsani ntchito prepare ndi bind_param, kapena PDO, malo a id muike chizindikiro cha funso. Ndipo mukamasaka zitsanzo pa intaneti, mukaona mysql_query yopanda i, thawani. Zimenezo zinachotsedwa mu PHP 7.0 mu 2015, koma maphunziro akale akadali mbwee.

Musaiwale kuti muli ku South Africa. Lamulo la POPIA lakhala likugwira ntchito mokwanira kuyambira pa 1 Julayi 2021, ndipo limakhudza kasungidwe ka mayina, mafoni ndi manambala a ziphaso za anthu. Kupatula lamulolo, inu mukudziwa mmene zinthu zilili kuno, ena mwa anthu anu mapepala awo sali bwino. Mndandanda wotero si wosiya pabwalo. Tsambalo likhale ndi pasiwedi.

Kamtedza_Turf:
Tsamba la membala mmodzi lilipodi, ndipo ndinamata chimodzimodzi. Pasiwedi ilipo koma ndi imodzi ya komiti yonse. Ndikonza usiku uno ndikaweruka.

Msungi_Berea:
Kope musataye mwana wanga. Lathu linanyowapo ndi mvula pa Park Station koma linawerengeka.

Kamtedza_Turf:
Ndabwera kudzapereka lipoti. Masiku atatu ndakhala ndi amayi osunga chuma athu kukhitchini kwawo, iwo kope ine laputopu, kuchonga mwezi ndi mwezi kuyambira 2023. Tebulo la miyezi lija lagwira ntchito. Pa anthu 312, manambala agwirizana pa 308. Awiri ndinalakwitsa ndine polowetsa. Wachitatu ndiye anatizunguza mutu mpaka tiyi anazizira: makina akuti miyezi 41, kope likuti 22, ndipo chiyambire 2023 miyezi 41 siinakwane n'komwe. Kufufuza, ndi anthu awiri osiyana, dzina limodzi, mfunda umodzi, onse a ku Ntcheu. Pokopera query ya madala ndinafupikitsa, ndinalemba GROUP BY m.dzina yokha poganiza kuti id ndi yongokongoletsa. Database inawaphatikiza kukhala munthu mmodzi, 22 wa uyu ndi 19 wa uyo.

MadalaWaSeva:
Hahaha, ndiye mwaona chimene ndinaikira m.id. Ndipo zikundiuza kuti seva yanu ONLY_FULL_GROUP_BY ndi yozimitsa, mwina ndi MariaDB, mphukira ya MySQL, chifukwa MySQL kuyambira 5.7 imabwera itayatsa ndipo ikanakukanirani query imeneyo ngati m.id inatsala mu SELECT koma mulibe mu GROUP BY. Kwathu kuno mayina ndi omwewomwewo, ukaitana mfunda umodzi pa Park Station amatembenuka anthu khumi.

Nambewe_Randburg:
Wa 19 uja ndiye ali bwanji pa lamulo la miyezi itatu yotsatizana? COUNT payokha siingakuuzeni zimenezo, imangonena kuchuluka, siinena pomwe pali mipata.

Kamtedza_Turf:
Ndi zimene zandikhalitsa maso usiku wathawu. Pakadali pano ndikutenga MAX ya mwezi pa munthu aliyense, ngati mwezi wake womaliza wapitirira miyezi itatu kumbuyoku dzina likufiira. Koma amene anadumpha pakati n'kuyambiranso sakugwidwa, ndipo komiti yagawanika ngati woteroyo akuyenera kubweza miyezi yodumphayo kaye kapena ayi. Amayi akuti nkhani imeneyo si ya laputopu, ikakambidwe Lamlungu. Wa 19 uja tamuimbira, akuti anali kumudzi kukadwazika mayi ake, abwera nazo pakutha pa mwezi.

Phwiti:
Firiji ija yafika ku Balaka, chitseko chokha ndiye chapindika.